Anatchuka pojambula sipuni ndi agogo ake: phunziro la Rinko Kawauchi kwa mabanja a kwa Nsabwe

Nyumba zambiri za kwa Nsabwe, m'boma la Thyolo, zili ndi zithunzi zake. Zina zili pakhoma pabalaza, zina zinapanikizidwa m'Baibulo, zina zili pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana. Mukazitulutsa n'kuziyala pamphasa mupeza kuti n'zofanana nyumba ndi nyumba: ukwati, ubatizo, tsiku lolandira satifiketi, ndi chija anatumiza mnyamata wa ku Joni atatsamira galimoto ya abwana ake. Aliyense watchena, wayang'ana kamera, manja ali m'mbali ngati msilikali pa pelete. Wojambula anangoti, "Imani bwino pamenepo! Amayi sunthirani kuno pang'ono. Musaphethire!" ndipo onse anamvera.

Zimene simungazipeze ndi izi: manja a agogo akupeta mphale, kapu yothothoka imene abambo amamwera tiyi m'mawa uliwonse, mapazi a amayi atanyowa ndi mame pochokera kotchola tiyi, mwana atagona kumbuyo kwa mchemwali wake kukamwa kuli yasa. Wina akatulutsa foni kuti ajambule zoterezi timamuseka. "Zimenezo n'zojambulanso? Dikira kaye ndisambe." Zaka zimapita, agogo aja amatisiya, ndipo chimene timatsala nacho ndi kachithunzi ka pa chiphaso cha unzika, nkhope ili gwa ngati munthu woti sanasekepo chibadwire.

Ku Japan kuli mayi wina amene ntchito yake yonse yagona pa zinthu zimene ife timadutsa osacheukazi. Dzina lake ndi Rinko Kawauchi. Zithunzi zake zaonetsedwa ku Paris, São Paulo, London ndi Tokyo, ndipo mu 2023 a Sony World Photography Awards anamupatsa mphoto ya ulemu wapadera chifukwa cha zimene wachita pa luso lojambula. Koma mukatsegula mabuku ake simupezamo atsogoleri a mayiko kapena akatswiri a mpira. Mupezamo sipuni, chivwende chosweka, kachilombo kakufa, ndi agogo ake ali pachakudya.

Anabadwira kudera la tiyi

Kuno kwathu mukatchula Japan, ambiri amaganiza za galimoto, ma Sienta ndi ma Probox amene amanyamula anthu ndi katundu pamsewu wochokera pa boma pa Thyolo kudzera pa Makwasa mpaka ku Thekerani. Ena amakumbukira aphunzitsi ndi anamwino ongodzipereka a ku Japan, amene akhala akubwera m'dziko muno kuyambira mu 1971. Ojambula zithunzi amadziwanso kuti Canon, Nikon, Sony ndi Fujifilm onsewa ndi makampani a komweko. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti ku Japan kujambula amakuwerengera ngati luso lofanana ndi kulemba ndakatulo kapena kusema, ndipo wojambula amadziwika makamaka ndi mabuku a zithunzi amene watulutsa.

Kawauchi anabadwa mu 1972 m'chigawo cha Shiga, dera lozungulira nyanja ya Biwa, yomwe ndi yaikulu kuposa nyanja zonse za m'dzikolo. M'mapiri a ku Shiga amalimamo tiyi, ndipo mbiri ya kumeneko imati mbewu zake zinachokera ku China m'chaka cha 805, zitabwera ndi mkulu wina wa chipembedzo cha Chibuda dzina lake Saicho. Tiyi wathuyu ndi wadzulodzulo tikayerekeza: ku Mulanje anayamba kumubzala m'zaka za m'ma 1890, ndipo ku Thyolo anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Ali wamng'ono, banja lawo linasamukira mumzinda wa Osaka, koma agogo ake anatsala ku Shiga. Anamaliza maphunziro ake pa koleji ya Seian mu 1993. Kumeneko ankaphunzira kukonza zojambula za m'mabuku ndi za malonda, ndipo kamera anaikondera konko. Atachoka pasukulu anagwira ntchito kwa zaka zingapo m'masitudiyo ojambula katundu wotsatsa malonda. Ndi ntchito yosatchukitsa munthu, yongosuntha magetsi ndi kudikira, koma imaphunzitsa chinthu chimodzi chofunika: kudziwa mmene kuwala kumagwera pa chinthu. Mu 1997 anayamba kudziimira payekha.

Chodabwitsa n'chakuti mwana wa dziko la Canon ndi Nikon ameneyu anadziwika ndi kamera yachikale ya ku Germany yotchedwa Rolleiflex. Kamera imeneyi saiika padiso. Amaigwirira pamimba kapena pachifuwa n'kumasuzumira pamwamba pake, ngati munthu akuyang'ana mumphika. Wojambulidwa saona munthu akumuloza ndi chitsulo kumaso, choncho sachedwa kuiwala kuti pali kamera. Zithunzi zake zimatuluka zofanana mbali zonse zinayi, ndipo filimu imodzi imatha ukajambula ka 12 basi. Ndi zithunzi 12 zokha m'manja, munthu sungangodinadina. Umayamba wayang'ana, n'kudikira. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mabuku atatu nthawi imodzi

Mu 2001 Kawauchi anachita zimene ojambula ongoyamba kumene sachita kawirikawiri. Anatulutsa mabuku atatu nthawi imodzi kudzera ku kampani yosindikiza ya Little More ya ku Tokyo. Loyamba ndi Utatane, mawu otanthauza kuwodzera, katulo kaja kamabera munthu masana ali chikhalire. Lachiwiri ndi Hanabi, la moto wamitundumitundu umene amauphulitsira kumwamba usiku pa zikondwerero za nyengo yotentha. Lachitatu ndi Hanako, lotsatira moyo wa tsiku ndi tsiku wa mtsikana wina waulumali. Chaka chotsatira, mu 2002, mabuku awiri oyambawo anamupezetsa mphoto ya Kimura Ihei, imene ojambula achinyamata a ku Japan amailakalaka kwambiri. Apa n'kuti asanapitirire zaka 30.

Pachikuto cha Utatane pali sipuni yodzaza timibulu toyera tonyezimira. Timeneti ndi tapioca, chakudya chopangidwa kuchokera ku chinangwa, chomwechi timamwera tiyi m'mawachi. M'kati muli nsomba zitayasamula pamwamba pa madzi, tizilombo, madzi akuzungulira, zakudya, manja a anthu. Palibe chachilendo. Chachilendo ndi mmene waziyandikirira, ndi kuwala kwake, komwe n'kofewa, kotuwirako, ngati mmene kumaonekera m'minda ya tiyi chifunga chikayamba kubalalika dzuwa lisanakwere.

Luso lake lina lili pa kasanjidwe. Amaika zithunzi ziwiri moyang'anizana, china tsamba lamanzere china lamanja, popanda mawu ofotokoza. Chinthu chamoyo chimatha kuyang'anizana ndi chakufa, chaching'ono ndi chachikulu, ndipo woona amalumikiza yekha. Umu ndi mmene akuluakulu amaponyera mwambi pabwalo: amatchula kanyama ndi kamtengo, nkhani yeniyeniyo womvera amaimaliza mumtima mwake.

Nkhani imene mabuku ake onse amabwerera ndi imodzi, yakuti kubadwa ndi kufa zimakhala nyumba imodzi, ndipo zimaoneka m'tinthu tating'ono tsiku lililonse. Buku la AILA, la mu 2004, ladzaza ndi ana a nyama ndi a anthu akubadwa, komanso zamoyo zikufa. Mu 2009 bungwe la International Center of Photography la ku New York linamupatsa mphoto ya Infinity, ndipo mu 2011 kampani ya Aperture ya mumzinda womwewo inasindikiza buku lake la Illuminance, limene linamudziwitsa kwa anthu ambiri kunja kwa Japan.

Zaka 13 akujambula anthu a m'nyumba mwake

Kwa ife owerenga za mabanja, buku lofunika kwambiri ndi Cui Cui, lomwe linatuluka mu 2005, chaka chimene zithunzi zake zinaonetsedwa ku Fondation Cartier mumzinda wa Paris. Dzinali ndi mmene Afalansa amatchulira kulira kwa mpheta, kaphokoso kamene kamamveka pakhomo tsiku lonse koma palibe amene amakatchera khutu.

M'bukuli muli zithunzi zimene anajambula kwa zaka 13, za banja lake lenilenilo. Agogo aamuna ndi aakazi ali kunyumba kwawo ku Shiga. Chakudya chili patebulo, anthu akudya osayang'ana kamera. Ndiwo za m'dimba. Achibale asonkhana pa chikondwerero cha chaka chatsopano. Mchimwene wake akukwatira. Mukamatsegula masamba, agogo aamuna aja akunka nafooka. Kenako ali m'chipatala. Kenako maliro. Patsogolo pake mlamu wake ndi woyembekezera, ndipo mwana akubadwa.

Palibe chinachitika m'banja limeneli chimene sichichitika kwa Nsabwe. Kusiyana kwake n'kwakuti panali munthu mmodzi amene sanaike kamera pansi pa masiku wamba. Chithunzi chimodzi cha nkhalamba ikumwa tiyi sichinena zambiri. Koma mukachiika pamzere ndi zina za zaka khumi ndi zitatu, mumaona msana ukupindika, mbale ikuchepa, mpando umene ankakhalapo utatsala wokha. Anthu a ku Paris amene sanamudziwe mkuluyo ankaona agogo awo omwe.

Apa pali funso limene sitingalizembe. Kodi n'koyenera kujambula munthu akudwala, kapena kujambula pamaliro? Kwathu kuno matenda ndi maliro zili ndi ulemu wake, ndipo tonse taonapo zonyansa zimene zimachitika masiku ano, chithunzi cha malemu chikuzungulira pa WhatsApp achibale ena asanamve n'komwe uthenga. Zimene anachita Kawauchi n'zina. Iye anali mdzukulu wa m'nyumbamo, amene anakhala akuwajambula agogowo ali bwinobwino kwa zaka zambiri, ndipo zithunzizo anazisunga n'kuzisanja mofatsa asanazionetse kwa anthu. Ufulu wojambula tsiku lachisoni umachokera pa masiku ambirimbiri amene unakhala nawo anthuwo pa mtendere. Mlendo wongofika ndi foni alibe ufulu umenewo.

Kawauchi atabereka mwana wake wamkazi mu 2016 anachitanso chimodzimodzi. Buku la as it is, la mu 2020, likutsatira zaka zitatu zoyambirira za mwanayo, pamodzi ndi mitengo, mtsinje ndi nyengo za pamalo amene amakhala. Dzina la bukuli likutanthauza kuti "mmene zilili".

Moto wa paphiri la Aso

Asanafike pa mwanayo, ntchito yake inali itayamba kale kutambasuka. Mu 2013 anatulutsa Ametsuchi, kutanthauza kumwamba ndi dziko lapansi. Iye amafotokoza kuti analota malo a udzu okongola, ndipo patapita nthawi anawaona pa wailesi yakanema n'kuzindikira kuti alipodi. Malowo ndi Aso, dera la phiri lophulika pachilumba cha Kyushu, kummwera kwa Japan. Kumeneko alimi amatentha udzu wa m'mapiri chaka ndi chaka nyengo yozizira ikamatha, mwambo umene wakhalapo kwa zaka zoposa 1,000. Cholinga n'chakuti tchire lisasanduke nkhalango, ndipo ng'ombe zipeze msipu watsopano.

Pa ntchito imeneyi anasiya Rolleiflex n'kutenga kamera yaikulu yoimika pamiyendo. Zithunzi zake zikuonetsa mzere wa moto ukukwera phiri, mbali imodzi udzu wofiirira, mbali inayo phulusa lakuda bii. M'zithunzi zina phiri lomwelo labiriwira.

Munthu wa ku Thyolo sangadabwe ndi moto wa tchire. Timauona chaka chilichonse m'miyezi ya August mpaka October, ndipo lupsa timalidziwa. Koma tisafulumire kunena kuti nafenso timachita zomwezo. Moto wa ku Aso amaupangana mudzi wonse, amayamba alambula njira zotchinga kuti usadumphe, ndipo pa tsikulo pamakhala anthu ambiri ouyang'anira. Wathuwu nthawi zambiri amayatsa ndi mnyamata mmodzi wofuna mbewa, n'kupsereza mitengo ya eni ake ndi udzu wofolerera nyumba. Chimene tingatolepo ndi kayang'anidwe kake. Iye anabwerera kuphiri lomwelo kangapo, nyengo zosiyanasiyana, mpaka phirilo linafotokoza nkhani yake lokha.

Pambuyo pake anatulutsa Halo mu 2017, momwe muli mbalame zikuuluka m'chigulu ndi anthu a m'chigawo cha Hebei ku China akumwaza chitsulo chosungunuka pakhoma kuti chithethekere ngati nyenyezi. Mu 2022 nyumba ya zaluso ya Tokyo Opera City inakonza chionetsero chachikulu cha ntchito zake chotchedwa M/E, chomwe chinali ndi zithunzi za madzi oundana ndi mapiri a ku Iceland pambali pa zithunzi za pakhomo pake. Chaka chotsatira chionetserocho chinapita kwawo ku Shiga. Madzi saiwala khwawa.

Tiyi amajambulidwa, eni dera ayi

Thyolo ndi limodzi mwa maboma ojambulidwa kwambiri m'Malawi. Minda ya tiyi ili pa makalendala, m'timabuku tokopa alendo ndi pa mapaketi a m'sitolo. Chithunzi chake chimakhala chimodzimodzi: mizere yobiriwira mpaka kumapeto kwa maso, ndipo pakati pake mayi ali ndi dengu kumsana, akumwetulira. Dzina lake sililembedwa. Chithunzicho sichionetsa nthawi imene anadzuka, mtunda umene anayenda, mzere wa pasikelo pamene kapitawo akulemba makilo, kapena kamunda ka pamtsetse kamene banja lonse limadalira chifukwa malo abwino anatha kalekale.

Izi sizinayambe lero. Zithunzi zakale za nthawi ya atsamunda, zonga zimene zimasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, kawirikawiri zimatchula dzina la mzungu mwini esiteti, pamene antchito amene aima kumbuyo kwake alibe mayina. Ambiri mwa anthu amenewo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique amene analowa m'thangata, kugwira ntchito pa esiteti ngati malipiro a malo okhalapo. Ndi agogo a agogo athu, koma sitingathe kuloza kuti uyu ndi wathu.

Ndipo zinthu zimatha tikuona. Amene anakulira ku Thekerani ndi madera ozungulira akukumbukira mmene nthochi zinalili, mikoko ili mbwee m'mphepete mwa msewu kudikira malole a ku Blantyre ndi Lilongwe. Matenda a chisaka atabwera, minda yambiri inazulidwa. Ndi mabanja angati amene ali ndi chithunzi cha munda wawo wa nthochi usanathe? Mwana wobadwa lero mukamuuza, aziyesa nthano.

Wina atha kunena kuti, "Inu, mayi wa ku Japanyo ndi wa dziko lolemera. Ife tikusaka ya ufa, tiziti tikujambula sipuni?" Mawuwa ali ndi nzeru. Filimu ndi mabuku okongola zimafuna ndalama, ndipo chithunzi sichiphikidwa. Koma taonani kuti chodula pa ntchito ya Kawauchi si chimene chinagwira anthu mtima. Chinawagwira ndi zaka 13 zija, ndi kukhala pafupi ndi anthu ake. Zimenezo mlendo wobwera ndi kamera ya mamiliyoni kudzagona masiku awiri pa esiteti alibe. Mwana wa pakhomo ali nazo.

Matope akalowa m'nyumba

Pa 11 March 2011 chivomezi champhamvu chinagwedeza kumpoto chakummawa kwa Japan, ndipo madzi a m'nyanja yaikulu anasefukira kumtunda n'kukokolola matauni athunthu. Anthu oposa 15,000 anafa. Kawauchi anapita kumadera okhudzidwawo patangopita nthawi yochepa. Pakati pa zigumukire anaona nkhunda ziwiri, yoyera ndi yakuda, zikuzungulira pamalo amodzi, ndipo zinakhala mutu wa ntchito yake yotchedwa Light and Shadow, kutanthauza kuwala ndi mthunzi.

Koma nkhani yaikulu ya zithunzi pa ngoziyo inali ya anthu wamba. Asilikali ndi ena ofufuza m'matope ankati akapeza alubamu kapena chithunzi, ankachiika pambali. M'tauni imodzi yokha ya Yamamoto, m'chigawo cha Miyagi, munatoledwa zithunzi pafupifupi 750,000. Anthu ongodzipereka anazitsuka chimodzichimodzi, kuziyanika, kuzijambulanso ndi kuziyala m'maholo kuti eni ake adzazizindikire. Anthu amene anataya nyumba, katundu ndi abale ankabwera kudzafufuza nkhope za anthu awo.

Ifenso tinaziona. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo cha kummwera, mapiri anagumuka ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Thyolo, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Pothawa madzi usiku munthu amanyamula mwana, sanyamula sutikesi. Mabanja ambiri anataya zithunzi zonse zimene anali nazo, ndipo ena mwa iwo anataya ndi anthu amene anali pa zithunzizo. Chakudza sichiimba ng'oma.

Pali kanthu kothandiza kamene a ku Japan anaphunzira. Chithunzi chotsukidwa ku situdiyo chikalowa matope musachitaye, ndipo musachipale chili chouma. Yambani mwachijambula ndi foni mmene chililimo. Kenako chiviikeni m'madzi oyera ozizira, n'kumachotsa matopewo pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala kuyambira m'mphepete. Mukaona kuti mtundu wayamba kusungunuka, lekani pomwepo. Chiyanikeni pamthunzi, nkhope ili m'mwamba, osachisanjikiza ndi chinzake. Zimene zamatana musazikakamize, zisiyeni m'madzi mpaka zilekane zokha. Zithunzi zosindikizidwa pa makina wamba a inki sizipirira madzi, choncho zimenezo kungozijambulanso n'kokwanira.

Foni yanuyo ikukwana

Masiku ano m'mudzi uliwonse muli foni yokhala ndi kamera, ngakhale itakhala imodzi pa mabanja atatu. Nazi zina zimene banja lingachite, potengera mmene Kawauchi amagwirira ntchito.

Sankhani munthu mmodzi kapena malo amodzi, n'kumabwererako. Akhoza kukhala agogo, mtengo wa mango wa pakhomo, kapena njira yotsikira kumtsinje. Jambulani kamodzi pa mwezi, chaka chonse, kenako chaka china. Phindu lake limaoneka pakapita nthawi.

Pemphani chilolezo kamodzi, mwaulemu, kenako musamaimitse anthu. "Agogo, ndimafuna ndizikujambulani mukamagwira ntchito zanu, kuti adzukulu anu adzakuoneni. Mundilola?" Poyamba adzati, "Aaa, iwe, ndi nsanza zangazi?" Pakatha masiku adzakuzolowerani, ndipo m'pamene zithunzi zenizeni zimayambira. Akakana, mwakanidwa basi. Za kuchinamwali ndi zina zobisika za mwambo si za kamera. Pa esiteti ndi m'fakitale mulinso malamulo ake, funsani kaye kuti musaike ntchito ya munthu pachiswe.

Yandikirani. Manja akuthyola masamba awiri ndi kansonga amanena zambiri kuposa munda wonse. Tsitsani foni ifike pachifuwa kapena pamsinkhu wa mwana, monga imagwiridwira Rolleiflex ija.

Samalani kuwala. Dzuwa la masana limadetsa nkhope ndi kubisa maso. Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa, kwa madzulo, kwa pakhonde, kapena kolowera pakhomo la khitchini utsi ukutuluka. Tsiku la chiperoni, limene ambiri amati n'loipa, ndiye labwino kwambiri pojambula nkhope. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu musanayambe.

Tsukitsani. Apa m'pamene ambiri timagwera. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa osatsanzika. Pa chaka sankhani zithunzi khumi kapena khumi ndi ziwiri zokha, mukatsukitse ku situdiyo mukapita pa boma, ku Luchenza kapena ku Limbe. Kuseri kwake lembani ndi pensulo dzina lonse la munthuyo, mfunda wake, mudzi ndi chaka. Zikulungeni m'pulasitiki, muziike m'chitini chotseka bwino pamalo okwera. Zina tumizani kwa achibale a m'tauni kapena a ku Joni, kuti zikatayika kuno zikapezeke uko.

Si chithunzi chilichonse chimene chili cha pa Facebook. Ana osavala, odwala ndi maliro, zimenezo ndi za m'banja. Kawauchi anasunga zithunzi za agogo ake zaka zambiri asanazionetse kwa anthu, ndipo sizinaonongeke chifukwa chodikira.

Pomaliza, yalani zithunzizo pamodzi ndi ana, muzisanje ziwiriziwiri. Manja a agogo pambali pa manja a khanda. Munda uli wouma pambali pa munda womwewo chimanga chitamasula. Afunseni ana kuti akuona chiyani. Mudzadabwa ndi mafunso amene adzatuluke, ndi nkhani zimene agogo adzayambe kukamba zoti simunazimvepo.

Pamene Kawauchi ankayamba kujambula zithunzi za mu Cui Cui anali mtsikana wa zaka pafupifupi 20, wapasukulu, wopanda dzina, wongoyeserera kamera pa anthu amene anali naye pafupi. Sankadziwa kuti akulemba buku, kapena kuti agogo akewo atsala ndi zaka zingati. Mvula ya December ikagwa, tiyi adzaphukira ndipo anthu adzalawirira m'mizere monga mwa chaka chilichonse. Pakhomo panu mwina pali mwana wa Fomu 2 amene amangokhalira kudzijambula yekha pafoni. M'malo momukalipira, m'patseni ntchito. Muuzeni kuti agogo ali kuseri, akusenda chinangwa.